Mafani a graphics card ndi kutentha kwa ku Salima: muyambire pati?

Funso lachokera kwa wowerenga wina wa ku Salima, ndipo mwachidule likuti: "Ndinagula kompyuta ya pa desiki yogwiritsidwapo kale ntchito, yokhala ndi graphics card ya RTX 3060. Ndikangoiyatsa, mafani a khadilo sazungulira n'komwe. Ndikatsegula gemu yopepuka amayamba, n'kuima, n'kuyambanso, koma ndikaika gemu yolemera amalira ngati chigayo ndipo kutentha kumafika pa madigiri 83 n'kukhazikika pomwepo. Mnzanga akuti ndiike mafani pa 100 peresenti nthawi zonse. Kodi khadili ndi lowonongeka, nanga malangizo a mnzangayu ndiwatsatire?"

Achimwene, kutengera zimene mwafotokoza, khadi lanu, chipangizo chimene chimajambula zithunzi zooneka pa sikirini, silikuoneka kuti ndi lowonongeka, ndipo malangizo a mnzanuyo, ngakhale akuchokera pansi pa mtima, sindikukulimbikitsani kuwatsatira. Kutentha kumene mukuona pa sikirini kumachokera ku zinthu zitatu, zomwe ndi kuchuluka kwa magetsi amene khadi likudya, kutentha kwa mpweya umene ukulowa m'bokosi la kompyuta, ndi liwiro limene mpweyawo ukudutsira pa zitsulo za khadilo. Fani imalamulira chachitatucho chokha, koma poti ndi imene imamveka m'khutu, anthu ambiri amathamangira kuigwira poyamba, chonsecho kuno kunyanja zimene zimavutitsa kwambiri ndi ziwiri zoyambazo.

Nkhani ya mafani osazungulira ndiyo yosavuta pa zonsezi. Kuyambira cha m'ma 2014, makampani opanga makhadi anayamba kuwakonza mwakuti mafani aziima khadi likakhala pa ntchito yopepuka. A ASUS amatchula zimenezi kuti 0dB, a MSI amati Zero Frozr, a Gigabyte amati Fan Stop, pamene mu pulogalamu ya AMD, kampani inanso ya makhadi, mudzapezamo dzina lakuti Zero RPM. Pamene mukulemba kalata kapena kuwerenga nkhani pa intaneti, khadi limadya mawati ochepa kwambiri, ndipo chitsulo chake chachikulu cha timasamba tambirimbiri, chimene amisiri amachitcha heatsink, chimakwanitsa kumwaza kutenthako pachokha. Mafani amadzuka khadi likafika pa mlingo umene wopanga anaika, womwe kawirikawiri umakhala pakati pa madigiri 50 ndi 60. Inu mungoonetsetsa kuti gemu yolemera ikayamba, mafani onse akuzungulira bwino komanso mofanana. Ngati imodzi ikungonjenjemera pamalo, kapena ikudikira kuti muikankhe ndi chala ndiye inyamuke, imeneyo yatha ntchito, ndipo za iyo tikamba kutsogoloku.

Kuyamba ndi kuima kumene mukuona pa gemu yopepuka kumabadwa m'dongosolo lomwelo. Gemuyo imatenthetsa khadi mpaka kudutsa mlingo uja, mafani n'kudzuka. Akangozungulira pang'ono kutentha kumatsika, mafani n'kugona, kenako kutentha n'kukweranso. Amene anakonza dongosololi ankaganizira chipinda chozizira bwino, mmene khadi lopanda ntchito limakhala kutali ndi mlingowo. Kuno kwathu m'mwezi wa Okutobala, khadi limene mafani ake aima likhoza kuyandikira madigiri 50 musanatsegule n'komwe gemu iliyonse, motero limangoyendayenda m'malire momwemo tsiku lonse. Khadi silingapse chifukwa cha zimenezi, koma phokoso lodukizadukiza limatopetsa kuposa lokhazikika, ndipo ine ndimaona kuti m'dera lotentha ngati lino ndi bwino fani izizungulira pang'onopang'ono nthawi zonse.

Pali mfundo imene ambiri mwa ife timaiphonya tikamaonera mavidiyo oyesa makhadi pa YouTube. Fani sipanga kuzizira, imangokankha mpweya umene uli kale m'chipindamo kuti udutse pa chitsulo chotentha, choncho zonse zimene heatsink ndi mafani zingachite ndi kuchepetsa kusiyana kwa pakati pa kutentha kwa khadi ndi kutentha kwa chipinda. Oyesa makhadi ambiri amagwirira ntchito m'zipinda zozizira, za madigiri 20 ndi pang'ono. Tiyerekeze kuti kwa iwo khadi likuonetsa madigiri 70 m'chipinda cha madigiri 22. Ndiye kuti lili madigiri 48 pamwamba pa mpweya umene likulandira. Mukalinyamula khadi lomwelo n'kuliika m'chipinda cha malata chopanda siling'i ku Kamuzu Road, masana a Novembala mvula isanagwe, mpweya wa m'nyumba utafika pa 35, masamu ake ndi 35 kuphatikiza 48, ndipo mupeza 83 popanda china chilichonse chowonongeka. Pofika Juni kapena Julayi, mwera ukamawomba, khadi lomwelo lidzatsika lokha ndi madigiri angapo inu musanakhudze kalikonse. Ichi n'chifukwa chake kufanizira nambala zanu ndi za munthu wa ku Germany, kapena ngakhale wa ku Dedza, kumangokusowetsani mtendere pachabe.

Komabe nambala ya 83 ili ndi nkhani yakeyake, makamaka poti mwanena kuti kutentha kumafika pamenepo n'kukhazikika. Makhadi ambiri a kampani ya NVIDIA, kuphatikizapo RTX 3060, amachoka ku fakitale ali ndi mlingo wa kutentha woikidwa pa madigiri 83, ndipo akafika pamenepo amayamba kudzichepetsera liwiro kuti asapitirire. Kukhazikika kumene mukuonako, tsono, ndi chizindikiro chakuti khadi likudzibweza lokha chifukwa mafani alephera kulitsitsa. Malire apamwamba amene NVIDIA inalengeza pa RTX 3060 ndi madigiri 93, kotero simuli pa ngozi yoti khadi lipsa mawa, koma mukutaya gawo la mphamvu imene munalipira. Dongosolo la NVIDIA loyendetsa liwiro la khadi, lotchedwa GPU Boost, limatsitsa liwiro pang'onopang'ono, ma MHz (muyeso wa liwiro la khadi) pafupifupi 15 pa sitepe iliyonse, kutentha kukamakwera, ngakhale 83 isanakwane. Owerenga amene ali ndi makhadi a AMD asachite mantha akaona nambala ina yaikulu yotchedwa junction temperature, chifukwa imeneyo imayesa malo otentha kwambiri pa chip, yomwe ndi ubongo wa khadilo, ndipo mu 2019 kampaniyo inanena kuti pa makhadi a RX 5700 nambalayi ikhoza kufika pa 110 khadi lidakali m'malire ake.

Musanasinthe chilichonse, yesani kaye kuti mudziwe pamene mukuyambira. Ikani pulogalamu yaulere ya GPU-Z, tsegulani tsamba lake la Sensors, ndipo sewerani gemu yanu yolemerayo kwa theka la ola bokosi la kompyuta lili lotseka monga mwa nthawi zonse. Mukatuluka mu gemu, lembani papepala nambala zapamwamba za GPU Temperature, Hot Spot (malo otentha kwambiri pa chip), Fan Speed ndi Board Power Draw, komanso ola limene munasewera. Pansi pa tsambalo pali mzere wotchedwa PerfCap Reason, umene umanena chimene chikuligwira khadi kuti lisathamange kuposa pamenepo. Ukalemba kuti Pwr, khadi lafika pa malire ake a magetsi, zomwe ndi zabwinobwino pa gemu yolemera. Ukalemba kuti Thrm, chikuligwira ndi kutentha, ndipo ndikuyembekeza kuti inu mupeza zimenezo. Kuchokera apa muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi n'kuyesanso pa ola lofanana, chifukwa mukasintha zinayi tsiku limodzi simudzadziwa chimene chathandiza.

Choyamba kusintha, chomwe sichifuna ndalama kapena sikuludiraiva, ndi chiwerengero cha zithunzi zimene khadi limajambula pa sekondi, chija timati FPS. Masikirini ambiri amene amabwera ndi makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito ndi a 60 Hz, kutanthauza kuti amasintha chithunzi ka 60 pa sekondi iliyonse. Khadi limene silinapatsidwe malire limajambula mmene lingathere, mwina zithunzi 150 kapena 200, ndipo pa menyu ya magemu ena limatha kufika mazanamazana pamene inu mwapita kukamwa madzi. Zithunzi zowonjezerazo sikirini singazionetse zathunthu, koma chilichonse chadya magetsi, ndipo magetsi onse amene khadi ladya amasanduka kutentha. RTX 3060 ikamagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse imadya pafupifupi mawati 170, onsewo n'kuthera m'bokosi la kompyuta kenako m'chipinda chanu chomwecho, chimene chikutentha kale. Magemu ambiri ali ndi poikira malire a FPS m'kati mwake, kapena V-Sync, imene imafananiza FPS ndi liwiro la sikirini. Ngati palibe, pitani mu NVIDIA Control Panel, pa Manage 3D settings, mupeza Max Frame Rate. A makhadi a AMD ali ndi Radeon Chill ndi Frame Rate Target Control. Pa gemu ya mpira kapena yoyendetsa galimoto, kuika malire pa 60 pa sikirini ya 60 Hz sikukulandani kanthu, ndipo nthawi zambiri mudzamva mafani akufatsa m'mphindi zochepa. Amene amasewera magemu owomberana a mpikisano ali ndi chifukwa chomveka chofunira zithunzi zambiri, poti zimachepetsa kuchedwa kwa pakati pa dzanja ndi sikirini, koma ngakhale iwo akaika malire pa 120 amapeza phindu lalikulu la zimenezo popanda kuliotcha khadi mopanda pake. Pamenepanso tsitsani maonekedwe a gemu kuchoka pa Ultra kupita pa High, chifukwa kusiyana kwake m'maso n'kochepa poyerekeza ndi ntchito imene khadi limapepukidwa.

Chachiwiri ndi malire a magetsi. Mu pulogalamu ya MSI Afterburner, imene imagwira ntchito pa makhadi a makampani onse ngakhale ili ndi dzina la MSI, muli kachingwe kokoka kolembedwa kuti Power Limit. Mukakatsitsa kuchoka pa 100 kufika pa 80 peresenti, khadi lanu silidzadya kupitirira mawati 136, ndipo mawati 34 otsalawo ndi kutentha kumene sikudzabadwa n'komwe. Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti liwiro la gemu silitsika ndi gawo lofanana, limangotsika pang'ono, chifukwa ma MHz omalizira amene khadi limafinya ndi amene amadula kwambiri pa magetsi. Ngati mumadalira inveta ndi batire magetsi akazima, kapena nyumba yanu ili pa sola, mawati amenewa mudzawaonanso pa nthawi imene batire likukhalitsa.

Amene ali ndi mtima wodekha akhoza kupita patsogolo ndi njira yotchedwa undervolting, yomwe ndi kulipatsa khadi voltage (mphamvu yokankha magetsi) yocheperapo pa liwiro lomwe lija. Magetsi amene chip imadya amakwera mofulumira kwambiri voltage ikakwera, moti kutsitsa kuchoka pa 1.05 V kufika pa 0.90 V, liwiro lili chimodzimodzi, kumachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a magetsi amene chipyo imadya pogwira ntchito. Mu Afterburner mukadina Ctrl ndi F pamodzi, pamatseguka chithunzi cha timadontho tosonyeza liwiro la khadi pa voltage iliyonse. Mumasankha kadontho ka pa 900 mV, n'kukakweza kufika pa liwiro limene mukufuna, kenako n'kusalaza timadontho tonse ta kumanja kwake kuti khadi lisapitirire pamenepo. Liwiro la boost limene NVIDIA inalengeza pa RTX 3060 ndi 1,777 MHz, ndiye kuyambira cha pa 1,800 n'kumakwera pang'onopang'ono ndi nzeru. Ma chip awiri a dzina limodzi safanana ndendende, choncho nambala zimene zinagwira kwa munthu wina musazitenge ngati lamulo. Mukapyola muyeso, gemu idzatseka yokha kapena sikirini idzada kwa kanthawi, zomwe siziwononga khadi. Mungotsitsa liwiro pang'ono n'kuyesanso. Musaike kuti zosinthazi zizidzuka pamodzi ndi Windows mpaka mutasewera nazo masiku angapo osaona vuto.

Tsopano tibwere ku mpweya umene khadi likulandira. Pali kuyesa kosavuta: chotsani chitseko cha m'mbali cha bokosi la kompyuta n'kusewera theka la ola lija. Kutentha kukatsika ndi digiri imodzi kapena awiri okha, bokosi lanu likupuma bwino. Kukatsika ndi madigiri 6 kapena kuposa, ndiye kuti khadi lakhala likubwereza mpweya wake womwe wotentha, ndipo kukweza mafani ake kukanangozunguza mpweya womwewo mofulumira. Zimenezi zimachitika kwambiri m'mabokosi a makompyuta a mu ofesi amene wina anangoikamo khadi lalikulu, komanso m'mabokosi okongola aja amene kutsogolo kwake ndi galasi lokhalokha. Mankhwala ake ndi mafani awiri a 120 mm kutsogolo olowetsa mpweya ndi imodzi kumbuyo yotulutsa, ndipo olowetsa akachuluka pang'ono kuposa otulutsa, fumbi sililowera m'timipata tonse ta bokosilo. Kompyuta isakhale m'kabati ya TV kapena kuguniza khoma lomwe limawombedwa ndi dzuwa la masana, ndipo nsalu yophimbira izichoka kaye musanaiyatse. Kuloza fani ya pa tebulo m'bokosi lotsegula kumathandiza pa tsiku lotentha kwambiri, ngakhale kumalowetsa fumbi lambiri. Madzi oundana, nsalu yonyowa ndi china chilichonse chobweretsa chinyezi zikhale kutali ndi kompyuta, chifukwa dontho limodzi pa bolodi ndi lokwanira kuthetsa nkhani yonse.

Fumbi ndi mdani wamkulu wa makompyuta a m'boma lathu lino. M'chilimwe limauluka kuchokera m'misewu ndi pabwalo, kenako dzinja likafika chinyezi cha kunyanja chimaligwirizanitsa n'kumatirira pa zitsulo. Zimitsani kompyuta, zulani waya ku khoma, ndipo muunike ndi tochi ya foni pakati pa timasamba ta heatsink ndi kuseri kwa mapiko a mafani. Mukaona kuti mipata yatsekeka ndi ubweya wofiirira, kapena m'mphepete mwa mapiko mwamera mzere wa dothi louma, pamenepo pali madigiri anu angapo. Tulutsani kompyuta pakhonde, sesani ndi burashi yofewa yopentera imene sinagwirepo penti, kenako uzirani ndi blower yamagetsi kapena choumitsira tsitsi mutachiika pa mpweya wozizira. Pouzira, gwirani mapiko a fani ndi chala kuti asazungulire, chifukwa mphepo yamphamvu imawathamangitsa kuposa muyeso wake. Kompresa ya opopa matayala pamsewu muipewe, poti thanki yake imasunga madzi ndipo nthawi zina imalavula ndi mafuta omwe. Kompyuta ikhale pa tebulo osati pansi pamene mumasesa m'mawa uliwonse, ndipo sefa ya kutsogolo muziitsuka kawirikawiri m'miyezi ya fumbi. Nyali zamitundumitundu za m'bokosi zimakongola, koma usiku wa mvula zoyamba zimaitana ngumbi, ndipo anzathu a m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota akudziwa zimene nkhungu zimachita zikaona kuwala. Tizilombo tikalowa, nalimata amatsatira, ndipo iye amakonda kukagona mu power supply, kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta.

Zonsezi zikachitika, m'pamene kukonza mafani kumakhala ndi phindu lenileni. Mu Afterburner pitani ku Settings, tsamba la Fan, ndipo chongani pamene palembedwa kuti Enable user defined software automatic fan control. Mudzaona mzere umene pansi pake pali madigiri, m'mbali mwake muli liwiro la fani. Kwa chipinda cha ku Salima, ine ndingayambe ndi fani pa 30 kapena 35 peresenti kuchokera pansi mpaka madigiri 45, kuti kugona ndi kudzuka kuja kutheretu. Kuchokera apo mzere ukwere mwapang'onopang'ono kufika pa 50 peresenti pa madigiri 60, pa 65 peresenti pa madigiri 70, ndi pa 80 peresenti pa madigiri 78, ndipo 100 peresenti isungidwire madigiri 85. Nambala zimenezi ndi poyambira chabe, ndipo khutu lanu ndi limene lidzamalize ntchito. Njira yake ndi kuika fani pamanja kwa kanthawi, kompyuta ili phee, n'kumaikweza pang'onopang'ono mpaka mutapeza pamene phokoso layamba kukusokonezani. Mukatero konzani mzere kuti pa kutentha kumene mumasewerapo nthawi zambiri, fani izikhala pansi pang'ono pa mlingo umenewo. Mzere ukhale wokwera bwinobwino wopanda makwerero akuthwa, chifukwa khutu limamva kusintha kwadzidzidzi kuposa phokoso lenilenilo. Dziwaninso kuti makhadi ambiri salola fani kuzungulira pansi pa 30 peresenti, ndiye mukaika 15 n'kuona kuti sizikumvera, palibe chalakwika. Makhadi ena ali ndi kaswichi kakang'ono m'mphepete mwake kosankhira BIOS (malangizo a m'kati amene khadi limayendera) yachete kapena yamphamvu, ndipo kuno yamphamvuyo ndi imene ikuyenera. Kasintheni kompyuta ili yozima.

Pa tsamba lomwelo pali malo olembedwa kuti Temperature hysteresis, amene ambiri amawadumpha. Mukaikapo 3 kapena 4, fani sidzatsika liwiro mpaka kutentha kutatsika ndi madigiri amenewo, motero imaleka kukwera ndi kutsika pa digiri iliyonse. Msampha umene ulipo ndi wakuti mzere wa Afterburner umagwira ntchito pulogalamuyo ikakhala yotsegula, choncho chongani Start with Windows, ndipo muziisiya ikuyenda pansi osaitseka. Msampha wina ndi kuiwala fani pa liwiro lokhazikika lotsika mutamaliza kuyesa phokoso, n'kuyamba gemu yolemera. Onetsetsani kuti mwabwezera pa Auto. Musalolenso mapulogalamu awiri kulamulira fani imodzi, chifukwa amakanganirana ndipo zotsatira zake zimafanana ndi fani yowonongeka. A makhadi a AMD safunika pulogalamu yapadera, poti mu pulogalamu yawo ya Adrenalin, pa Performance kenako Tuning, muli mzere wa fani ndi pozimitsira Zero RPM.

Za mnzanu uja, chilungamo chake n'chakuti 100 peresenti idzatsitsadi kutentha, koma phindu lake limachepa mukamayandikira pamwamba. Kuchoka pa 40 kufika pa 70 peresenti kumabweretsa kusintha kooneka, pamene kuchoka pa 80 kufika pa 100 nthawi zambiri kumangopereka madigiri ochepa ndi phokoso lochuluka. Fani yothamanga chonchi imakokanso fumbi lambiri ngakhale pamene mukungolemba kalata, ndipo bering'i yake imatha msanga, makamaka pa makhadi otsika mtengo amene mafani ake amayenda pa kachitsulo kopakidwa mafuta, mafuta amene amauma mofulumira m'malo otentha. Pa khadi lonse, fani ndi chinthu chokhacho chimene chimayenda, ndipo kupeza ina yofanana nayo kuno si nkhani ya tsiku limodzi.

Poti khadi lanu munagula logwiritsidwapo kale ntchito, bwererani ku pepala lija muone nambala ya Hot Spot. RTX 3060 inatuluka mu 2021, pa nthawi imene anthu ambiri ankagula makhadi kuti azikumbira ndalama za pa intaneti usana ndi usiku, ndipo Ethereum, imodzi mwa ndalamazo, itasintha kayendetsedwe kake mu Seputembala 2022, makhadi ochuluka a mtundu umenewu anathiridwa pa msika. Khadi lotere likhoza kukhala lamoyo ndithu, koma phala lotuwa limene limakhala pakati pa chip ndi heatsink, lotchedwa thermal paste, limakhala litauma kapena litafinyikira m'mbali. Kawirikawiri Hot Spot imakhala madigiri 10 mpaka 15 pamwamba pa GPU Temperature. Kusiyanako kukapitirira 20 kapena 25, heatsink sikukhudza chip mokwanira, ndipo palibe mzere wa fani umene ungakonze zimenezo. Ntchito yake ndi kumasula heatsink, kupukuta phala lakale ndi isopropyl alcohol, kupaka latsopano pa chip yonse, ndi kumanganso masikuluwu mopingasa, pang'onopang'ono, kuti chitsulo chikhale mofanana mbali zonse. Samalani timapadi tofewa timene timakhala pa memory, chifukwa tikang'ambika timafuna tina ta makulidwe omwewo. Tokhuthala kwambiri timanyamula heatsink n'kuichotsa pa chip. Mankhwala otsukira mano, amene ena amanamizana kuti amalowa m'malo mwa phalali, amauma m'masiku ochepa. Ngati simunamasulepo khadi, pitani nalo kwa mmisiri amene anagwirapo ntchito yotere, ndipo ngati wogulitsa anakupatsani nthawi yobwezera katundu, muuzeni kaye musanamasule sikuluwu iliyonse.

Fani imene yayamba kukhuluza, kugwedera kapena kukana kunyamuka iyenera kusinthidwa, chifukwa kudonthezera mafuta kumangoigulira masabata ochepa. Kuseri kwake kumakhala kapepala kokhala ndi nambala ya mtundu wake. Jambulani nambalayo, yesani kukula kwa mapiko ndi rula, ndipo werengani mawaya a pulagi yake musanafunse m'mashopu a makompyuta ku Lilongwe kapena kuitanitsa kunja. Ikasowa, pali njira ina imene imagwira bwino ntchito ngakhale siikongola: chotsani chivundikiro cha pulasitiki pamodzi ndi mafani ake, n'kumangirira mafani awiri wamba a bokosi, a 92 kapena 120 mm, pa heatsink ndi ma cable tie, akuuzira mpweya kulowa m'timasamba. Mafani amenewa mumawalumikiza ku motherboard, bolodi lalikulu la kompyuta, ndiye khadi silingawalamulire lokha. Pulogalamu yaulere ya Fan Control imatha kuwauza kuti azitsatira kutentha kwa graphics card m'malo mwa kwa purosesa, ndipo mu BIOS ya motherboard muwaikire liwiro loyambira la pafupifupi 50 peresenti, kuti ngati pulogalamuyo yalephera kutseguka tsiku lina, khadi lisakhale lopanda mpweya.